Malume Zulu ndi Anthu a Kumbuyo

Loweruka lapitali tinachita Misa yokumbukira a Malume Lazaro Zulu, poti chakwana chaka chimwalirire. Ansembe analalikira bwino, kungoti anatalikitsa, ndipo ndili pabenchi ndinayamba kuganiza zomwe eni ake a Misayo akananena potuluka. Akanati ulaliki unapsa pakati koma kumapeto unapserera. Ndinaseka ndekha m'tchalitchi, mayi amene ndinayandikana naye n'kundiyang'ana ngati mutu wanga sukuyenda bwino. Kenaka misozi inabwera yokha.

Mawu atatu ndiwo anali muyeso wa a Malume pa filimu iliyonse: yapsa, yaiwisi, yapserera. Yaiwisi inali yomwe eni ake anafulumira kuphula nkhani isanagwirane. Yopserera inali yomwe anaiiwala pamoto, kuthiramo ndewu ndi misozi mpaka kununkha. Yakupsa sinkapezeka wambawamba. Ndipo chigamulo sichinkabwera msanga. Filimu ikatha ankadikira kuti maina onse a anthu oipanga adutse, ngakhale atakhala ochuluka bwanji, chifukwa ankati wonyamuka maina asanathe sasiyana ndi wochoka pamaliro manda asanafotseredwe. Akatero ankavula magalasi, kuwapukuta ndi nsonga ya shati, ife tonse tili chete, ndiyeno n'kugamula.

Anthu a ku Garneton, kunja kwa Kitwe kumene ankakhala ndi akazi awo aNabanda, ankawatcha mdala wa mafilimu, ndipo ambiri ankayesa kuti n'chibwana cha ukalamba. Ife apabanja tinkadziwa zina. Zaka zawo zomaliza a Malume ankaonera filimu iliyonse yomwe aipeza chifukwa ankafunamo nkhope ya mwana wawo.

Dominiko, amene tonse tinkamutcha Domi, ndiye yekha anakula mwa ana awo, ena awiri anapita ali makanda. Anali msuweni wanga, wamtali, wosekaseka, phewa lakumanzere lotsika chifukwa anagwa mumtengo wa mango ali mwana, fupa n'kulumikizana mokhota. Ankagwira ntchito yokweza katundu m'mathiraki ku Heavy Industrial, kuno ku Ndola kumene ine ndimakhala. Tsiku lina dalaivala wina anamutenga kuti akamuthandize pa ulendo wa ku Joni. Atafika anaimba foni. Patapita miyezi anaimbanso kunena kuti wapeza kaganyu ndipo abwera pa Khirisimasi. Basi, nambala ija inasiya kulira. Tinafunsa madalaivala, tinafunsa kumatchalitchi, tinafunsa m'maofesi, ndipo kulikonse ankatiuza kuti tipite tikadikire.

Patapita zaka kunabwera dalaivala wina wa Chibemba amene ankamudziwa Domi kuntchito. Ine ndinalipo tsikulo. Anakhala pansi, anamwa madzi, n'kulankhula ngati akusimba za mpira.

"Ba Zulu, mwana wanu ninamuona. Mu filimu ya ku South. Enze kumbuyo kwa siteringi, anadutsa chabe."

Siteringi ndi munthu uja filimu yonse imatsata iye. A Malume anaweramira kutsogolo. "Dzina la filimuyo?"

"Awe mukwai, iyo sininaikeko nzeru. Tenze pa boda, tiyembekeza mapepala. Koma ni iye, ninamudziwa kayendedwe."

Bambo ameneyo sindinamukhululukire bwinobwino mpaka lero. Sungaponye mawu otero m'nyumba ya nkhalamba iwe n'kukwera thiraki lako kumapita. Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse ndinkakwera basi kuchokera kwathu ku Itawa, mu Ndola, kupita ku Kitwe, nditanyamula mafilimu m'kafulashi. Tinayamba ndi a ku South Africa. Atatha omwe ndikanapeza, a Malume anati ndizibweretsa alionse, chifukwa a ku Amereka, Amwenye ndi a ku Nigeria nawonso amapita kukajambulira ku Joni. Ndinkadziwa kuti tikufunafuna singano m'tchire, koma ndikanawauza chiyani? Anali mlongo wawo wa amayi anga, ndipo china choti ndiwapatse ndinalibe.

Si kuti chikondi cha mafilimu chinayamba ndi Domi ayi. A Malume anachoka ku Chadiza ali mnyamata kudzafuna ntchito ya pamgodi. Pansi pa mgodi sanakhalitseko, chifuwa chinawakana, choncho anawaika kuholo ya antchito kuti azithandiza woonetsa baisikopo, mpaka makinawo anakhala awo. Ankakonda kusimba za nthawi imeneyo: ana akukuwa pamene akavalo atulukira, azimayi akutukwana munthu woipa m'Chibemba ngati awamva, filimu ikaduka holo yonse n'kutembenukira kwa iwo ndi zibakera. Nkhani yomwe ankaibwereza kwambiri inali ya tsiku lomwe anasokoneza magudumu a filimu, lomaliza n'kulowa pakati. Munthu amene anthu anamuona akuwomberedwa n'kuikidwa m'manda anatulukiranso ali pakavalo, wamoyo, akuseka. A Malume anazizidwa poganiza kuti ntchito yatha. M'malo mwake holo yonse inaimirira kuwomba m'manja, ndipo mawa lake atakonza magudumu aja anthu anadandaula kuti awabera filimu yabwino ija. Ankaseka mpaka kutsokomola akafika pamenepa.

Holo itatsekedwa anatsata mafilimu kulikonse kumene anathawira, m'matepi, m'madisiki, mpaka m'mafoni athuwa. Ndipo sankasankha. A ku India ankawalemekeza chifukwa cholemekeza amayi, koma ankadandaula kuti mvula imagwa anthu n'kumavina popanda matope. A karate ankati ndi oona mtima, poti munthu akamenyedwa amapita kukaphunzira m'malo mopita kwa sing'anga. A ku Nigeria ambiri ankawagamula kuti apserera, aliyense akukuwa ngati mnzake ali kutsidya la mtsinje, komabe ankawakonda chifukwa anthu amapatsana moni ndiponso amadya chakudya chooneka. A ku Amereka atsopano ankawakwiyitsa. Ankafunsa kuti anthu onse aja amafera m'magalimoto ophulika amawaika ndani, poti maliro saoneka. A ku Korea anawadziwa mochedwa, ine nditawabweretsera, ndipo anati anthu amenewa amadziwa kukhala chete. Tinkakangana kawirikawiri, chifukwa ine filimu ikakhala ndi chikondi ndi nyumba zokongola kwa ine yapsa. Ankandiyankha kuti ndili ndi lilime la mwana, chilichonse cha shuga n'chakudya.

Koma dalaivala uja atadutsa, kaonedwe kawo kanasintha. Maso awo anachoka pa siteringi n'kupita kwa anthu a kumbuyo, aja amangodutsa mumsewu, ogulitsa pamsika, okhala m'basi, osesa. Anayamba kudana ndi makamera a masiku ano, amene amaonetsa nkhope imodzi bwinobwino kwina konse n'kupaka nkhungu. Ankati ndi makamera odzikonda. Filimu ikhoza kukhala ndi nkhani yokoma, koma anthu a kumbuyo akapanda kuoneka ankaigamula kuti ndi yaiwisi, chifukwa woipangayo sanadziwe kuti aliyense wodutsa pamenepo ali ndi kwawo. Mafilimu akale opanda mitundu ndiwo ankawatama, poti munthu wa kumapeto kwa msewu ankaoneka mofanana ndi wa patsogolo. Ndinawakumbutsa tsiku lina kuti akalewo anajambulidwa Domi asanabadwe. Anati akudziwa, amangoonera kuti apumitse maso.

ANabanda, amene ine ndimawatcha Anti, sankaonera nawo. Ankati mutu umawapweteka. Iwo mumtima mwawo anali atamuika kale Domi, ndipo chomwe ankafuna ndi manda oti azikalirapo. Abale awo a ku Katete ananena kuti kwawo munthu akasowa chonchi amaika thunthu la nthochi m'bokosi, maliro n'kuchitika, mitima n'kukhala pansi. A Malume anakana kwamtuwagalu. Mwezi wa Novembala wina Anti anakapereka dzina la Domi kuparishi kuti litchulidwe pamodzi ndi la omwalira. A Malume atamva anavala jekete lawo, kupita okha, n'kukapempha kuti dzinalo lichotsedwe kwa akufa liikidwe kwa amene ali paulendo. Lamlungu lotsatira linamveka m'tchalitchi pakati pa madalaivala ndi ana a sukulu opita ku Lusaka. Awiriwo anatha sabata osalankhulana, mchere ankapatsirana kudzera mwa mwana wa oyandikana nawo.

Mayi wina wa tchalitchi cha Pentekosite anabweranso ndi nkhani ya mneneri amene amaonetsa anthu osowa pagalasi. Anti anatsala pang'ono kupita. A Malume anamuyankha mayiyo mwaulemu kuti iwo atha moyo wawo wonse akuonetsa anthu zithunzi pakhoma, ndipo amadziwa kumene chingwe cha magetsi chimadutsa. Ndinaseka, koma pobwerera m'basi ndinadzifunsa kuti nanga zathuzi zikusiyana pati ndi za mneneriyo.

Tsiku lomwe sindidzaliiwala linali Lamlungu masana, nyengo yozizira, magetsi atatichitira chifundo. Filimu yake inali ya ku South Africa, yachabechabe, ya mnyamata wakuba magalimoto amene ankafuna kuleka. Pena pake siteringi ankayenda pasiteshoni ya minibasi akulankhula pafoni, anthu ali piringupiringu. Mwadzidzidzi a Malume anakuwa ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo pakamwa pawo.

"Imika! Agi, imika! Bweza kumbuyo!"

Ndinabweza. Kumbuyo kwa siteringi kunadutsa munthu wamtali atatifulatira, chipewa kumutu, chikwama cholemera kudzanja lamanzere. Sanachedwe, anangolowa mbali iyi n'kutulukira mbali inayo. Phewa lakumanzere linali lotsika, kaya chifukwa cha chikwamacho kaya chifukwa cha mtengo wa mango, ndani akanadziwa. Ndinabwezanso, ndi kubwezanso. A Malume anagwada pafupi ndi tivi, mphuno kutsala pang'ono kukhudza galasi.

"Amake Domi! Bwerani muone mwana wanu!"

Anti anachokera kudimba la repu kuseri kwa nyumba, manja ali dothi lokhalokha. Anaimirira pakhomo, kenaka anayandikira. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Si iye," anatero.

"Onani phewa, imwe!"

"Naona. Domi alibe khosi lotere. Ninamusambika ine, imwe muli ku baisikopo."

A Malume anatembenukira kwa ine. "Agi, iwe maso ako akali bwino. Ni iye olo si iye?"

Ndinajambula chithunzicho ndi foni n'kuyamba kuchikoka ndi zala kuti chikule. Chikamakula munthu uja ankasungunuka, khosi, chipewa, phewa, zonse n'kusanduka timabokosi totuwa. Nditatukula mutu ndinapeza onse awiri akundiyang'ana. Ndikanati ndi iye, ndikanafukula mwana amene Anti anavutika kumuika mumtima. Ndikanati si iye, ndikanawalanda a Malume chokhacho chimene chinkawadzutsa m'mawa. Ndipo zoona zake n'zakuti sindinkadziwa. Ndinakula naye Domi, tinkadya mbale imodzi, koma msana umenewo sindikanaulumbirira.

"Sinidziwa, Malume," ndinatero. Sindinadzionepo wopanda ntchito ngati tsiku limenelo.

"Pita ku maina."

"Malume, anthu ongodutsa samawalemba."

"Nidziwa. Ninayamba kuona maina iwe usanabadwe. Werenga chabe."

Ndinawerenga mokweza maina onse, lilime likupunthwa, mpaka a ophika ndi oyendetsa magalimoto. A Zulu analimo angapo, poti kumeneko n'kwawo kwa a Zulu, ndipo ndikatchula dzinalo a Malume ankatukula mutu. Dominiko munalibe. Ndiye anati tiyambirenso, mwina ndalumpha. Apa m'pamene Anti analephera kupirira.

"Lekani kuvutitsa mwana wa eni! Mufuna chiyani kodi? Mwana wa mtchona atchona. Amayi anu ku Chadiza sanafe akufolera nyumba yanu chaka ndi chaka, ati Lazaro abwera? Munapitako? Manje lawani."

Mawu akuti mtchona, munthu wopita kuntchito kutali n'kusabwereranso kwawo, tonse tinkadziwa kuti amawakhudza a Malume. Amayi anga ankawanena m'seri mpaka imfa yawo, kuti mlongo wawo analandira uthenga wa matenda a amayi n'kuyankha kuti abwera akalandira tchuthi, ndipo anafika manda atamera udzu. Koma panalibe amene anawatchulapo pamaso pawo. Anti atangolankhula anagwira pakamwa, dothi lija n'kutsalira pachibwano, n'kutuluka.

A Malume anadzuka pang'onopang'ono pomwe anagwada paja. Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi nsonga ya shati. Ndinadikira chigamulo monga mwa masiku onse, koma anangowavalanso. Mwa mafilimu onse amene ndinaonera nawo, imeneyi yokha ndiyo sanaigamule.

Madzulo dzuwa lisanalowe anandiperekeza kokwerera basi, chinthu chimene anali atasiya chifukwa cha miyendo. Tinayenda pang'onopang'ono mpaka pamsewu waukulu.

"Anti ako sananame," anatero. "Koma pali chimene sadziwa. Mtchona sadziwa kuti watchona, Agi. Ine sininaganizepo tsiku limodzi kuti nawasiya amayi. Nenze kukamba chabe kuti Khirisimasi ibwera iyi nizapita. Chaka chilichonse, na mtima wonse."

Anayang'ana kumsewu, n'kupitiriza.

"So Domi ali moyo. Akamba chabe mumtima kuti nizapita. Ine nimudziwa, ni mwana wanga."

Ndinafuna kuwauza kuti chimenecho n'chilango chomwe akudzipatsa okha, kuti mwina mwanayo anafa kalekale m'dziko la eni popanda kulakwira wina aliyense. Koma ndinaona kuti kwa iwo kukhala atate wa mwana wouma mtima kunali kopepuka kuposa kukhala atate wa mwana wakufa. Basi inabwera, kondakitala akukuwa Ndola, ndipo ndinakwera. Ndinalira njira yonse, nditayang'ana kuwindo kuti anthu asandione.

Lamlungu lotsatira ndinawapeza akudikira, n'kufunsa kuti ndabweretsa chiyani. Tinapitiriza. Filimu ija ankaibwezera masiku ena ali okha, Anti anandiuza, koma atsopano sanawasiye, poti ankati munthu amene waonekera kamodzi akhoza kuonekeranso, ulendo uno atayang'ana kuno. Kenaka ng'ala inayamba kuwaphimba maso. Ankasendeza mpando kufupi, mwezi wotsatira kufupinso. Pomaliza ntchito inasanduka yanga. Siteringi ankamumva okha ndi makutu, ine ndinkawauza za kumbuyo: mayi wonyamula mwana, mnyamata wa njinga, bambo wonenepa wa ambulera. Ndikati wamtali ankafunsa za phewa. Zigamulo zinkabwerabe, ndipo kukangana kwathu sikunathe. Filimu ina ya ku Korea yomwe ine ndinagona pakati anaigamula kuti yapsa, n'kundiuza kuti tulo tanga ndi umboni.

Chifuwa chija chinawakana pansi pa mgodi ndicho chinadzawatenga, nyengo ya mvula. Sanadwale nthawi yaitali. Ali m'chipatala anandiuza kuti ndisafufute kalikonse m'kafulashi, adzamaliza akatuluka.

Kumanda mwambo unkayendetsedwa ndi bambo wina wa kuparishi amene sankalidziwa bwino banjali. Itafika nthawi yoika nkhata anaitana mkazi wa malemu, Anti n'kukaika. Kenaka anawerenga zomwe amawerenga pamaliro alionse.

"Ana a malemu."

Palibe anasuntha. Amayi a kwaya anatsitsa nyimbo. Ndinadzipeza nditatembenuka kuyang'ana kumbuyo kwa khamu, kwa aja amaima patali pafupi ndi manda ena, ndipo sindinali ndekha wotembenuka. Kunali anyamata okumba manda atatsamira mafosholo, ndi mayi wina wogulitsa madzi. Bambo uja anaitananso, kenaka wina anamunong'oneza. Mayi amene ananyamula nkhata ya ana, ya maluwa a pulasitiki, anabwera nayo kwa ine kuti ndikaike m'malo mwa Domi, poti msuweni ndi mwana yemwe. Ndinali nditailandira kale pamene Anti anadzuka pamphasa n'kundilanda. Anaifungatira pachifuwa mpaka mwambo unatha, ndipo anapita nayo kunyumba.

Loweruka lija titatuluka mu Misa ndinapita ndi Anti ku Garneton kuti tikamwe tiyi tisanapite kumanda. Abale a ku Katete abwera kale kawiri kudzawatenga kuti akakalambire kwawo, ndipo kawiri konse abwerera okha. Anti safotokoza chifukwa. Amangoti repu wawo alibe womuthirira.

Pabalaza palibe chimene chasintha. Mpando wa a Malume ukadali pomwe anausiya, kufupi ndi tivi moti munthu wofuna kupita kukhitchini amachita kuuzungulira. Pansi pali mizere ya miyendo yake, mmene unkasendera kutsogolo. Tiviyo anaiphimba ndi nsalu yoluka, ndipo rimoti Anti saidziwa, safunanso kuphunzira. Jekete lili pamsomali kuseri kwa chitseko. M'nyumba momwe munkamveka mfuti, ng'oma za Amwenye ndi zilankhulo za dziko lonse, tsopano mumamveka nkhuku za oyandikana nawo. Pamwamba pa tivi pali nkhata ija, yopukutidwa bwino, riboni yake ikuwerengeka kuti Pitani bwino Atate.

Ponyamuka ndinaitenga, poganiza kuti chaka chakwana, tikaike basi.

"Siya, mwanawe," anatero Anti, akumanga mpango kumutu. "Si yako."

Ndinaibweza pamalo pake, ndipo tinapita kumanda chimanjamanja.